Mankhwala a dipuleshoni angakuwonjezereni nkhawa masabata oyamba

Usiku wachinayi nditayamba kumwa fluoxetine ndinadzidzimuka cha m'ma 2 koloko, mtima ukugunda ngati wandithamangitsa galu. Thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, miyendo yosafuna kukhala malo amodzi. Magetsi anali atazima ngati mwa masiku onse, ndiye ndinayatsa tochi ya pafoni n'kumangozungulira m'chipinda. Kukhala pabedi, kudzuka, kutsegula zenera, kutsekanso. Tsiku limenelo palibe chinachitika choti n'kundiopseza. Sindinakangane ndi munthu, lendi ndinali nditalipira. Koma thupi langa linali ngati likudikira uthenga wa maliro.

Kutacha ndinatenga makapisozi aja n'kuwaponya pansi pa sutikesi. Amayi atandiona maso ali psuu anati, "Mwana wanga, mankhwala amenewa akupengetsa. Asiye, Lamulungu tipite kwa abusa akakupempherere." Achemwali anga, amene anandiperekeza kuchipatala tsiku loyamba, sanagwirizane nazo. Anati, "Kupemphera tipemphera, amayi, koma mwanayu abwerere kaye akafunse. Asangosiya yekha."

Ndinabwereradi. A nesi a kuchipinda cha zamaganizo atandimvetsera anati, "Achimwene, zimenezi timazidziwa. Paja tinakuuzani tsiku lija kuti masiku oyamba zikhoza kuvuta kaye." Mwina anandiuzadi. Kunja kunali mzere wautali, ine mutu uli kwina, ndipo chimene ndinagwira n'chakuti kapisozi mmodzi m'mawa uliwonse, basi.

Ine si dokotala. Ndine mnyamata wa zaka 23 amene anadwala dipuleshoni, n'kumwa mankhwala, kenako n'kufunsafunsa ndi kuwerenga mpaka ndinamvetsa chimene chinandichitikira. Ndalemba izi kuti amene wayamba mankhwalawa sabata ino asadzidzimuke ngati ine, komanso adziwe nthawi imene sayenera kudikira n'komwe.

Mankhwala ake ndi ati?

Kuno kwathu mayina awiri amene mungakumane nawo kawirikawiri ndi fluoxetine ndi amitriptyline. Fluoxetine ndi uja kunja amamudziwa ndi dzina loti Prozac, amene anavomerezedwa ku America mu 1987. Ali m'gulu la mankhwala otchedwa SSRI, limodzi ndi sertraline, citalopram, escitalopram ndi paroxetine, amene nthawi zambiri amapezeka m'mafamase ndi m'zipatala zolipira. Amitriptyline ndi wakale kuposa onsewa, ndipo ndi wa gulu lina. Iyeyu amagonetsa, amaumitsa kukamwa, amadzimbiritsa, n'chifukwa chake amamwedwa usiku. Enanso amapatsidwa amitriptyline chifukwa cha dzanzi ndi kuwotcha kwa miyendo, osati dipuleshoni.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala omwewa, makamaka a gulu la SSRI, ndi amene amaperekedwanso kwa anthu odwala nkhawa yeniyeniyo, kuphatikizapo aja mantha amawagwira mwadzidzidzi mpaka kubanika. Ndiye tangoganizani: wapita kukadandaula za nkhawa, akupatsa mankhwala a nkhawa, patatha masiku atatu nkhawa ija yawirikiza. Ndani sangaganize kuti ampatsa mankhwala olakwika?

Madokotala vutoli analiona kalekale. M'zaka za m'ma 1980 anali atayamba kale kulemba za odwala mantha adzidzidzi amene ankanjenjemera ndi kusowa mtendere atangoyamba mankhwala a gulu la amitriptyline. M'Chingerezi amalitchula kuti jitteriness syndrome kapena activation syndrome, ngati mukufuna kukafufuza nokha pa intaneti. Mu 2009 magazini ya British Journal of Psychiatry inasindikiza ntchito ya akatswiri amene anasonkhanitsa kafukufuku wambiri pa nkhaniyi. Anapeza kuti kwina ankati zimachitikira anthu 4 pa 100 alionse, kwina mpaka 65 pa 100, malingana ndi mmene ofufuzawo ankawerengera komanso mtundu wa odwala. Kusiyanako n'kwakukulu, koma uthenga wake ndi woti si zachilendo, ndipo si aliyense zimam'chitikira. Mnzanga wina anayamba fluoxetine yemweyu ndipo chimene anamva ndi kanseru ka masiku awiri, kwatha.

Chimachitika n'chiyani m'mutumu?

Maselo a mu ubongo amatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito timadzi tina, ndipo kamodzi mwa ito ndi serotonin. Selo imodzi imatulutsa serotonin, inzake imalandira, kenako yoyamba ija imayamwanso wotsalayo kuti uthenga uthe. Ntchito ya SSRI ndi kutseka poyamwira paja, kuti serotonin azikhalitsa pakati pa maselowo. Zimenezi zimayamba m'maola ochepa chabe mutameza kapisozi woyamba.

Koma kupeza bwino sikubwera m'maola. Kumatenga masabata awiri mpaka anayi kuti muyambe kuona kusintha, ndipo ena mpaka masabata 6 kapena 8 kuti mankhwala agwire mokwanira. Vuto lagona pa mpata umenewu.

Polandirira serotonin si pamtundu umodzi. Pali mitundu pafupifupi 14, yomwazika mu ubongo ndi m'thupi monse. Ina ikalandira serotonin imakhazika mtima pansi, ina imadzutsa thupi ngati kuli ngozi. Palinso ina imene imagwira ntchito ngati buleki: ikaona kuti serotonin wachuluka, imauza selo kuti ichepetse kutulutsa. Masiku oyambirira, serotonin akangokwera mwadzidzidzi, yodzutsa thupi ija imayankha msanga, buleki nayo ikuponderezedwa, zinthu n'kukhala pwirikiti. Pakapita masabata, zolandirirazo zimazolowera, buleki imamasuka, ndipo m'pamene ubwino wa mankhwala umayamba kuoneka. Umu ndi mmene akatswiri ambiri amafotokozera.

Ine ndimayerekeza ndi madzi a pampopi akabwera patatha masiku atatu ali osatuluka. Ukatsegula, poyamba kumangomveka mpweya, mpopi kutsokomola, kenako madzi ofiira a matope. Wosadziwa angati paipi yaphulika. Amene wakhalitsa m'tauni amadziwa kuti oyera ali m'mbuyo.

Mu 2016 asayansi a ku University of North Carolina anasindikiza mu magazini ya Nature zimene anapeza pa mbewa za mu labu (osati zapakamtengo zija timagula pamsewu wa M1). Anaona kuti serotonin amadzutsa kagulu ka maselo pakachigawo kena ka ubongo kokhudzana ndi mantha, ndipo mbewa zikapatsidwa fluoxetine kamodzi, mantha ankakula kudzera m'njira yomweyo. Mbewa si munthu, inde, koma zinandithandiza kumvetsa kuti usiku uja sindinkapenga. Panali waya weniweni amene anakhudzidwa.

Mseru ndi kutsegula m'mimba kumene ambiri amadandaula nako masiku oyamba gwero lake ndi lomweli. Serotonin wambiri wa m'thupi, pafupifupi 90 pa 100, ali m'matumbo, osati mu ubongo. Kapisozi sasankha kuti akagwire kumutu kokha.

Zimamveka bwanji, nanga zimatha liti?

Kwa ine kunali kusowa tulo, mtima kuthamanga, kunjenjemera manja komanso kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono. Kondakitala wa minibasi anangochedwa kundibwezera chenji, ine n'kumukalipira ngati wandibera foni. Ena amamva mutu, chizungulire, thukuta usiku, maloto oopsa, kapena mantha adzidzidzi amene poyamba analibe. Ena amati amamva ngati amwa khofi makapu asanu m'mimba muli gwaa.

Kawirikawiri zimayamba m'masiku ochepa oyambirira, zimavuta kwambiri sabata yoyamba kapena yachiwiri, kenako n'kumazilala. Zikhozanso kubwerera pang'ono adokotala akakuwonjezerani mlingo. Kwa ine tulo tinayamba kubwerera cha pa tsiku la 10. Pofika sabata yachitatu manja anasiya kunjenjemera. Sabata yachisanu ndinadzipeza ndikuseka nthabwala ya pagulu la WhatsApp, chinthu chimene ndinali ndisanachite kwa miyezi.

Amene zimawavuta kwambiri ndi aja anali kale ndi nkhawa yaikulu kapena mantha adzidzidzi asanayambe mankhwala, achinyamata, komanso amene ayamba ndi mlingo waukulu. N'chifukwa chake kwa anthu a mantha adzidzidzi madokotala amakonda kuyamba ndi theka: fluoxetine wa 10 mg m'malo mwa 20 mg, kapena sertraline wa 25 mg m'malo mwa 50 mg, n'kudzakweza pakatha sabata kapena kuposerapo. Ndiye tsiku loyambalo musabise. Ngati mtima umakuthamangani mukakhala pagulu, ngati munabanikapo m'minibasi popanda chifukwa, nenani.

Pali chimodzi chosiyana ndi zonsezi chimene anyamata amachita nacho manyazi kufunsa. Mankhwala a SSRI amatha kuchepetsa chilakolako chogonana kapena kuchedwetsa kumaliza, kwa amuna ndi akazi omwe. Ichi nthawi zambiri sichichoka chokha m'masabata awiri ngati kunjenjemera kuja. Chikakuvutani kauzeni adokotala, pali zimene angasinthe. Ambiri amangosiya mankhwala mwakachetechete pa chifukwa chimenechi.

Apa ndiye osadikira

Izi ndi zimene ndikanakonda a nesi aja akanandilembera ndi cholembera chofiira m'kabuku kanga ka kuchipatala.

Mu 2004 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linalamula kuti pa mankhwala onse a dipuleshoni pazilembedwa chenjezo lalikulu lokhudza ana ndi achinyamata. Litaunika kafukufuku wa ana oposa 4,000, linapeza kuti pafupifupi 4 pa 100 mwa amene ankamwa mankhwala enieni anakhala ndi maganizo kapena mchitidwe wofuna kudzipha, poyerekeza ndi 2 pa 100 mwa amene ankamwa mapilisi opanda mankhwala. Pa kafukufukuyo panalibe amene anadziphadi. Mu 2007 chenjezolo linakuzidwa kuti likhudzenso azaka 18 mpaka 24. Ambiri amene mukuwerenga izi muli m'gulu limenelo, ngati ine.

Izi sizikutanthauza kuti mankhwalawa ndi oipa. Dipuleshoni yosathandizidwa nayo imapha, ndipo tonse tikudziwa maliro angati a anyamata amene tayenda m'makomboni muno. Tanthauzo lake n'lakuti masabata oyamba munthu amafunika diso. Ku Britain malangizo a bungwe la NICE amati wazaka 18 mpaka 25 aonedwenso pakatha sabata imodzi atayamba mankhwala, ena onse pasanathe masabata awiri. Ngati tsiku lobwerera limene akulemberani lili patali ndipo zinthu zikuvuta, simukuyenera kulidikira. Kabuku m'manja, nyamukani.

Ngati mwayamba kuganiza zodzipha kapena kudzivulaza, kapena maganizo amenewo analipo koma tsopano akula ndipo mwayamba kuganiza za njira, uzani munthu nthawi yomweyo ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Musakhale nokha m'nyumba. Mankhwalawo apatseni wina akusungireni, makamaka ngati ndi amitriptyline, chifukwa ameneyu akamwedwa wambiri nthawi imodzi amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo amapha.

China ndi kusakhazikika kopitirira muyezo kumene madokotala amati akathisia. Uku si nkhawa ya m'maganizo chabe. Ndi thupi kukana kukhala phee: kuponda apa ndi apo, kuyendayenda osatha kuima, kumva ngati ukufuna kutuluka m'khungu lako. Kumazunza kwambiri moti kumatha kukankhira munthu ku maganizo oipa. Kuli ndi chithandizo chake, choncho musapirire.

Palinso amene m'malo mwa mantha amakwera m'mwamba. Akugona maola awiri koma satopa, akulankhula osapumira, akumwaza ndalama, akuona ngati angagule tauni yonse. Anzake amati "aise wachira", pamene ayi. Zikhoza kukhala chizindikiro cha matenda a bipolar, amene mankhwala a dipuleshoni paokha amatha kuwadzutsa. Ngati kubanja kwanu kuli wina wodwala matendawa, adokotala adziwe musanayambe.

Kenako pali serotonin syndrome, imene sichitikachitika koma ndi yoopsa: kutentha thupi, thukuta lambiri, minofu kukokana kapena kudumphadumpha, kutsegula m'mimba, kusokonezeka mutu. Nthawi zambiri imabwera munthu akaphatikiza mankhwalawa ndi ena okweza serotonin. Amene ndikufuna mumugwire dzina ndi tramadol, chifukwa ena mumamugula mosavuta ndipo mumamwa ngati switi. Tramadol ndi fluoxetine pamodzi angakubweretsereninso khunyu. Zikatere ndi nkhani ya kuchipatala msangamsanga.

Zimene zingachepetse vutoli

A nesi aja atandifunsa mafunso, kuphatikizapo loti ngati ndikuganiza zodzivulaza, anakambirana ndi adokotala ndipo anagwirizana kuti ndipitirize, koma ndibwerenso pakatha sabata. Anandifunsa nthawi imene ndimamwera. Apa m'pamene zinadziwika kuti masiku awiri ndinaiwala m'mawa n'kumwa madzulo. Fluoxetine amadzutsa thupi, ndiye malo ake ndi m'mawa, mutadya kanthu kuti mseru uchepe. Mukaiwala tsiku lina, mawa lake musamwe awiri.

Anandifunsanso zimene ndimamwa masana. Ndinachita manyazi. Chifukwa chosagona usiku, ndinkadzilimbitsa ndi zakumwa za energy ziwiri patsiku, kuphatikiza tiyi wakuda bii m'mawa. Ndinkathira petulo pamoto. Nditasiya zimenezi kugunda kwa mtima kunachepa m'masiku atatu. Mowa nawo ndi wabodza: umakugonetsa msanga koma umakudzutsa pakati pa usiku nkhawa itakula. Chamba ndiye musayese n'komwe, chimawonjezera mantha kwa ambiri.

Adokotala ali ndi zochita zingapo malingana ndi mmene zilili. Angachepetse mlingo kwa kanthawi, angasinthe nthawi yomwera, kapena angakusinthireni mankhwala ngati sakukuyanjani. Nthawi zina amawonjezera diazepam kwa masiku ochepa kuti muwoloke pamavutopo. Mawu oti "ochepa" ndi ofunika: diazepam thupi limamuzolowera msanga, sayenera kupitirira masabata awiri mpaka anayi, ndipo saphatikizidwa ndi mowa. Kukagula nokha kapena kupempha kwa aneba amene anatsala nawo ndi njira yodzipezera vuto lachiwiri.

Mukapita kuchipatala tchulani mankhwala onse amene mukumwa: ma ARV, a TB, a khunyu, azitsamba, ngakhale aja ogula pa intaneti. Chitsamba chotchedwa St John's wort, chimene chimapezeka m'mabotolo ena othandiza kugona kapena kukhazika mtima pansi, sichigwirizana ndi SSRI. Bufeni, asipilini ndi indosidi zikaphatikizidwa ndi mankhwalawa zimawonjezera chiopsezo chotaya magazi m'mimba, ndiye mutu ukawawa panado ndiye wabwinoko. Atsikana, ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, nenani, koma musasiye nokha mankhwala mukangodziwa kuti mwaima.

Zina zinali zazing'ono koma zinandigwira dzanja. Ndinkalemba pafoni usiku uliwonse maola amene ndagona ndi mlingo wa nkhawa kuyambira 1 mpaka 10. Ukakhala m'kati mwa vuto umaona ngati tsiku lililonse ndi loipa mofanana, koma manambala ankandionetsa kuti 9 wasanduka 7, kenako 5. Madzulo ndinkayenda wapansi mpaka pamsika n'kubwerera. Mtima ukathamanga ndinkapuma pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya nthawi yaitali kuposa yokokera. Ndipo ndinasiya kufufuza zizindikiro zanga pa TikTok 2 koloko usiku, chifukwa kumeneko amene amalankhula mokweza ndi amene zinawavuta kwambiri. Amene mankhwala anawayanja ali kuntchito, sajambula mavidiyo.

Kwa inu amene muli ndi m'bale kapena mnzanu amene wayamba mankhwalawa: masabata awiri oyamba muzimuyendera kapena kumuimbira. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, kumangomutsegulira khomo loti alankhule. Achemwali anga ankandifunsa madzulo alionse, "Iwe, lero zili pa nambala chani?" Amayi nawo sanasiye kundipempherera, koma ndi iwo amene anayamba kundikumbutsa kapisozi nthawi ya phala.

Nanga ndingosiya?

Ngati mwamwa masiku atatu kapena anayi okha, kusiya sikungakugwetseni pansi, koma mudzakhala mwavutika pachabe, dipuleshoni ili pomwepo, ndipo mudzaopa mankhwala amene mwina akanakuthandizani. Kambiranani kaye ndi amene anakulemberani. Mukamwa kwa masabata angapo kapena miyezi ndiye nkhani ina. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, kusowa tulo, kupsa mtima, nkhawa, ndi kumva ngati magetsi akukugwirani m'mutu. Paroxetine ndiye amadziwika kwambiri ndi zimenezi. Fluoxetine amachedwa kutuluka m'thupi, amatenga masabata, choncho amavuta pang'ono, koma naye amasiyidwa mwa dongosolo.

Ngakhale mutapeza bwino, mankhwalawa amapitirizidwa. NICE imati miyezi yosachepera 6 zizindikiro zitatha. Kusiya msanga ndi kumene kumabweza matenda. Ndiye ngati mankhwala akutha ndipo kuchipatala kwanu asowa, monga zimachitikira, musangokhala. Funsani komweko kumene mungawapeze, kapena amene angalowe m'malo mwake, masiku asanakuthereni.

Chithandizo cha zamaganizo sichili ku Zomba Mental Hospital kokha monga ambiri timaganizira. Ku Blantyre kuli kiliniki ya zamaganizo ku Queen Elizabeth, ku Lilongwe kuli Bwaila, St John of God ili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo m'zipatala za m'maboma mumapezeka anesi ophunzira za matenda a maganizo. Mukafika funsaninso za uphungu wolankhulana, chifukwa mankhwala ndi uphungu zikayendera limodzi zimathandiza kuposa chimodzi chokha, ndipo kwa dipuleshoni yocheperapo uphungu ndi umene umayenera kuyamba.

Ine pano ndili mwezi wachisanu ndi chiwiri. Makapisozi aja ndinawatulutsa pansi pa sutikesi, amakhala pawindo pafupi ndi mswachi. Adokotala akuti tikambirane zoyamba kuchepetsa pa ulendo wotsatira, ndipo andichenjeza kale kuti masiku oyamba ochepetsawo thupi likhoza kudandaulanso. Ulendo uno ndinawapempha kuti andilembere m'kabuku.